Anaphwanya mwalawu ndani? Kabizinesi ka maluwa ndi nkhani ya ukapolo wamakono mu Lusaka

Kampani yaing'ono yodula kapinga ndi kubzala maluwa ikafuna kontrakiti ku hotelo, ku ofesi ya kazembe kapena ku bungwe lochokera kunja muno mu Lusaka, masiku ano sizithera pa kotesheni, satifiketi ya PACRA yolembetsera kampani ndi pepala la misonkho la ZRA ayi. Nthawi zina pamabweranso fomu ina, yofunsa kuti kampaniyo ikuchitapo chiyani poonetsetsa kuti pa ntchito yake, ndiponso pa katundu yense amene imagula, palibe munthu wogwiritsidwa ntchito ngati kapolo. Mayi amene ali ndi antchito asanu ndi atatu, makina awiri otchetchera ndi kanta yakale akawerenga zimenezi amayamba waseka. Kapolo? Pa kapinga wa ku Kabulonga? Kenaka amauza mwana wake kuti afufuze pa intaneti, akopere mawu a kampani ina ya ku London, asinthe dzina. Amasayina, nkhani yatha.

Komatu funsolo ndi labwino kuposa yankho limene limapatsidwa. Kabizinesi kotere kamagula miyala, mchenga, dothi lakuda, manyowa, mbande za m'machubu ndi mitengo, ndipo zambiri mwa zimenezi kamazigula m'mbali mwa msewu, kwa anthu opanda risiti, opanda ofesi. Ntchito ikachuluka kamalemba aganyu. Malo ngati amenewa ndi amene munthu amatha kupanikizidwa popanda womuona. Ndipo mwini kabizinesi kakang'ono ali ndi mwayi umene kampani yaikulu ya ku Ulaya ilibe: angathe kukwera kanta m'mawa n'kukafika pamene mwala ukuphwanyidwa dzuwa lisanatenthe.

Fomuyo inachokera kutali. Mu 2015 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lotchedwa Modern Slavery Act. Lamulo limeneli limakakamiza kampani iliyonse yochita malonda m'dzikomo, imene ndalama zake zolowa pa chaka zimafika mapaundi 36 miliyoni, kuti chaka chilichonse izilemba poyera zimene yachita pothana ndi ukapolo m'bizinesi yake ndi kwa amene amaigulitsa katundu. Australia inatsatira mu 2018. Bungwe la European Union linapita patsogolo mu 2024 povomereza lamulo loletsa kugulitsa m'mayiko ake katundu aliyense wopangidwa ndi anthu okakamizidwa, ndipo liyamba kugwira ntchito mu Disembala 2027. Palibe limodzi mwa malamulo amenewa limene limamanga mayi wa makina awiri uja. Kungoti kampani yaikulu singayankhe yokha. Imafunsa amene amaigulitsa, iwonso amafunsa a pansi pawo, funso n'kumatsika mpaka lifike kwa wodula kapinga wa pa ofesi. Mafamu amene amatumiza maluwa ndi ndiwo zamasamba ku Ulaya anazolowera kale kufunsidwa chonchi ndi masitolo ogula. Ena tonsefe funsoli likutipeza kumene.

Chimene chimamanga munthu

Tikamva za ukapolo timaganiza za magoli ndi maunyolo, za makolo athu amene ankatengedwa kudzera ku Nkhotakota kapena m'chigwa cha Luangwa. N'chifukwa chake ambiri amaseka. Koma tanthauzo limene malamulo amagwiritsa ntchito ndi lina, ndipo si latsopano. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linalemba mu 1930, m'pangano nambala 29, kuti ntchito yokakamiza ndi ntchito iliyonse imene munthu akuigwira chifukwa choopsezedwa ndi chilango, imene sanadzipereke yekha kuigwira. Zambia inavomereza panganoli. Pali zinthu ziwiri pamenepo: munthu sakufuna, ndipo pali china chomuopseza akati asiye.

Mu 2022, ILO pamodzi ndi mabungwe a Walk Free ndi IOM anatulutsa chiwerengero cha chaka cha 2021: anthu pafupifupi 50 miliyoni anali mu ukapolo wamakono. Mwa amenewa 27.6 miliyoni anali pa ntchito yokakamiza, ndipo 22 miliyoni anali m'maukwati okakamizidwa. Ana opitirira 3 miliyoni anali m'gulu la ogwira ntchito mokakamizidwa. Koma chiwerengero chimene mwini bizinesi ayenera kuchikumbukira ndi ichi: njira yofala kwambiri yomangira munthu pa ntchito si chikwapu, si loko wa pageti, koma kum'gwirira malipiro mwadala. Lipotilo linapeza kuti anthu 36 pa 100 alionse ogwira ntchito mokakamizidwa anamangidwa mwa njira imeneyi. Munthu amene sanalandire miyezi itatu sachoka, chifukwa akachoka wataya zonse. Amadikira mwezi wachinayi, ndipo chingwe chimangolimba.

Ndiye funso lofunika si lakuti ntchitoyo ndi yowawa kapena ayi. Funso ndi lakuti munthuyu atafuna kuchoka mawa, angachoke? Ngati sangachoke, chikumugwira n'chiyani? Mwina ndi malipiro ogwiridwa aja. Mwina ndi ngongole imene sikutha. Mwina NRC yake, chitupa chake cha unzika, ili m'kabati ya bwana. Mwina anachokera ku Mozambique kapena ku Malawi wopanda mapepala, ndipo akangotsegula pakamwa amauzidwa kuti amuitanira a Immigration. Lipoti lomwe lija linati anthu ogwira ntchito m'dziko la eni ali pa chiopsezo chokakamizidwa kuwirikiza katatu poyerekeza ndi eni dziko. Kapenanso ndi mwana, amene sadziwa n'komwe basi yopita kwawo imakwerekera pati pa Intercity.

Apa tisasakanize zinthu, chifukwa kusakaniza n'kumene kumachititsa anthu kutopa nayo nkhaniyi. Ntchito ya malipiro ochepa imene munthu angaisiye akapeza ina ndi umphawi. Ntchito yopanda kontrakiti, yopanda NAPSA (thumba la penshoni), ya maola opitirira malire ndi kuphwanya lamulo. Ukapolo umayamba pamene khomo lotulukira latsekedwa. Zitatuzi zimayandikana, ndipo munthu amatha kutsetsereka kuchoka pa choyamba kufika pa chachitatu m'chaka chimodzi, koma si chinthu chimodzi.

Malamulo a kuno kwathu sakhala chete. Gawo 14 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Pali Anti-Human Trafficking Act ya 2008, imene inakonzedwanso mu 2022, ndipo chilango cha wopezeka wolakwa pa mlandu wozembetsa anthu chimayambira zaka 20 m'ndende. Employment Code Act ya 2019 nayonso imaletsa ntchito yokakamiza. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kuzembetsa munthu sikufuna kudutsa malire a dziko. Kum'chotsa ku Petauke ndi bodza n'kum'fikitsa ku Chalala kuti adzadyeredwe masuku pamutu ndi mlandu womwewo.

Tiyambe ndi pakhomo

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 14. Azakhali ake a m'tauni afika kumudzi pa maliro, aona mmene zinthu zilili, nkhokwe zilibe kanthu monga zinalili m'midzi yambiri chitatha chilala cha 2024, n'kuuza makolo ake kuti, "Mlamu, mwanayu ndipatseni. Azikandithandiza kuthirira maluwa, sukulu akayambira konko." Makolo athokoza, amuperekeza mpaka pamsewu. Wafika mu Lusaka. Amagona m'kanyumba kosungiramo makhasu ndi feteleza kuseri kwa nyumba. Amadzuka 5 koloko kutsuka galimoto, kusesa, kuthirira, kudyetsa agalu, ndipo usiku ndiye wotsegula geti. Za sukulu zikuti Januwale, Januwale akafika zikuti temu yamawa. Akafunsa za ndalama amayankhidwa mokoma ndithu: "Ndikukusungira, mwanawe. Ungazimwaze m'tauni muno. Udzatenga zonse popita kumudzi." Foni alibe. Palibe anamumenyapo ngakhale kamodzi. Azakhaliwo mumtima mwawo amaona kuti akuchitira chifundo mwana wa m'bale wawo, ndipo kutchalitchi amanena zomwezo. Koma tikafunsa funso lija, kuti angachoke mawa, yankho lake tonse tikulidziwa.

Kulera mwana wa m'bale ndi mwambo wabwino, ndipo anthu ambiri a maudindo lero anaphunzira chifukwa cha malume kapena azakhali amene anawatenga. Kusiyana kwake kumaonekera pa yunifomu. Kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma sizilipiritsanso fizi mpaka giredi yomaliza ya sekondale, motero chifukwa chakuti "tikuyembekezera ndalama" chinachepa mphamvu. Lamulo limalola munthu kulembedwa ntchito akakwana zaka 15. Wa zaka 13 kapena 14 angagwire ntchito yopepuka yokha, imene sikumulepheretsa sukulu kapena kumuwononga thanzi.

Nkhaniyi ikukhudza kabizinesi ka maluwa chifukwa mabizinesi ambiri otere amayamba chimodzimodzi, ndi achibale oitanidwa kumudzi. Mwini wake amapereka ya basi, malo ogona ndi thumba la unga, ndipo zonsezo amazilemba mumtima ngati ngongole. Kutha kwa mwezi amadula. Fosholo ikathyoka amadula. Makina akawonongeka amadula theka la malipiro. Mnyamata akadwala amabwereka kwa bwana yemweyo, mwinanso pa kaloba. Pakutha miyezi isanu ndi umodzi, munthu amene wagwira ntchito tsiku lililonse ali ndi ngongole yoposa imene anafika nayo. Amene ali ndi abale ku Malawi akuidziwa nkhani ya matenanti a m'maesiteti a fodya, amene ankatenga chimanga ndi mchere pa ngongole chaka chonse, fodya akagulitsidwa n'kuuzidwa kuti ngongole yadya zonse. Dziko la Malawi linathetsa dongosolo limenelo mwa lamulo mu 2021. Masamu ake ndi omwewo, kaya ndi pa esiteti ya mahekitala mazana, kaya ndi pa kabizinesi ka anthu asanu.

Zokonza pakhomo sizifuna loya. Aliyense adziwe malipiro ake asanagwire khasu, ndipo zilembedwe. Employment Code Act imati ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ikhale ndi kontrakiti yolembedwa, ndipo ngakhale pangano la pakamwa bwana ayenera kulisungira zolemba. Lamulo lomwelo limaletsa kumusunga munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhalitsa, ndipo sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira apo ndi ovataimu. NRC aijambule, aibweze tsiku lomwelo. Ngongole ikhale m'buku limene wantchito angalione, yopanda chiwongoladzanja, ndipo ngati afuna kusiya ntchito ngongoleyo isakhale loko. Mu Januwale 2024 malipiro ochepetsetsa a wantchito wa pakhomo, kuphatikizapo wosamalira maluwa wolembedwa ndi banja, anakwezedwa kufika K1,300 pa mwezi, kuchoka pa K993.60. Wolembedwa ndi kampani amagwa m'gulu lina, motero ndi bwino kukafunsa ku ofesi ya zantchito m'malo mongotengera chiwerengero cha wapakhomo. NAPSA ndi 5 pa 100 ya malipiro kwa bwana, 5 pa 100 kwa wantchito. Ndipo amene amapopera mankhwala ophera tizilombo, ali ndi nsapato za pulasitiki ndi kansalu kumphuno, akufunika zodzitetezera zenizeni komanso kulembetsedwa ku bungwe lopereka chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la Workers' Compensation.

Pamene ambiri amagwera ndi pa kontrakiti yaikulu. Mwapeza ntchito yobzala kapinga pa malo atsopano ku Silverest, mukufuna anthu 20 kwa masabata atatu, ndipo kapitawo wina akuti, "Amayi, musavutike, anthu ndibweretsa ine. Ndalama muzingondipatsa, ndigawa ndekha." N'zophweka, koma kuyambira pamenepo simukudziwa chilichonse. Simukudziwa ngati anthuwo anamulipira kuti awalowetse ntchito, ngati akuwadula ya malo, ngati ena ndi ana. Makampani ambiri akuluakulu anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti munthu asalipire kuti apeze ntchito, wolipira akhale wolemba ntchitoyo. Kuno kwathu njira yachidule ilipo kale m'thumba mwa aliyense: lipirani munthu aliyense pa mobile money ya nambala yake. Kapitawo alandire zake padera. Akakana zimenezi, wakuuzani zambiri.

Pa mulu wa miyala

Tsopano tituluke pageti. Lusaka anamangidwa pa thanthwe, ndipo m'makomboni monga Misisi, Kanyama ndi Chawama anthu akhala akudya za mwala kwa zaka zambiri. Amuna amatentha matayala akale pa thanthwe kuti ling'aluke, n'kumalitema ndi nyundo zazikulu. Zibuma zake zimapita kwa ophwanya, amene ambiri ndi azimayi. Mayi amakhala pansi miyendo yotambasula, chitenje chili mbuu ndi fumbi, mwala wawukulu pakati pa miyendo ngati pophwanyira. Dzanja limodzi lagwira nyundo, linalo likukankhira tizidutswa pakati, ndipo zala zina zakulungidwa ndi nsanza. Pambali pali milu yosiyana kukula kwa miyala, iyi ya konkire, iyi yoyala m'njira. Khanda lagona pa thumba la simenti pansi pa ambulera. Wa zaka khumi akunyamula miyala m'chidebe kuchoka kudzenje. Nthawi ya mvula maenjewo amadzaza madzi. Mwala woyera umene umakongoletsa m'mphepete mwa maluwa ku Ibex Hill nthawi zina umachokera pa malo ngati amenewa. Unduna wa zantchito wa dziko la America uli ndi mndandanda wa katundu amene ana amagwiritsidwa ntchito pomupanga, ndipo pa Zambia pali miyala, pamodzi ndi fodya, thonje, ng'ombe ndi miyala ya mtengo wapatali.

Kodi mayiyu ndi kapolo? Nthawi zambiri ayi. Amadzigwirira yekha, angasiye atapeza china. Ndi umphawi wowawa, ndipo mwana uja ali pa ntchito yoopsa imene lamulo limaletsa. Koma funsani kuti dzenjelo ndi la yani, nyundo anaipeza bwanji, amagulitsa kwa ndani. Mukapeza kuti pali munthu mmodzi amene anam'kongoza ndalama za lendi, amene ndiye yekha wololedwa kugula mulu wake, pa mtengo umene iye wanena, ndipo ngongoleyo sitsika, ndiye kuti mwapeza chinthu china.

Zimenezi simungazimve kwa dalaivala wobweretsa katundu. Mukam'funsa kuti, "Amalume, miyalayi mumaitenga kuti?" adzati, "Kwa azimayi ena kumusi uko, ndi anthu abwino." Sakunama, koma iye ntchito yake ndi kukweza ndi kutsitsa. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Yankho loyenera ndi lakuti, "Ulendo wamawa tipitire limodzi." Pitani pakati pa sabata, nthawi ya sukulu, osati Loweruka. Lankhulani ndi wogwira nyundo, mkhalapakati ali chapatali.

Ndiye mwapeza ana. Muchita chiyani? Ambiri amaganiza kuti chilungamo n'kusiyiratu kugula pamenepo n'kumakagula ku kwale yaikulu imene ili ndi makina ndi risiti. Pa mapepala zimaoneka zoyera. Koma mwana uja sanapindule kanthu. Amayi ake ataya kasitomala, mulu ukhala nthawi yaitali, mtengo utsika, ndipo kuti nsima ipezeke afunika manja ambiri, osati ochepa. Ine ndimaona kuti kuthawa kotereku n'kudzisamalira mbiri chabe. Mwanayo ali padzenjepo chifukwa wilibala imodzi ya miyala sigula zokwanira. Wogula amene amabwera mwezi uliwonse, wolipira pompo, wosanenerera mpaka mayi atagonja, ali ndi mawu. Angathe kunena kuti, "Amayi, ine ndizigula kwa inu nthawi zonse, ndipo ndiwonjezerapo. Koma mwanayu ndikufuna ndizim'peza ali kusukulu." Si nthawi zonse zimatheka. Koma zimenezi zingasinthe kanthu, pamene kuthawa sikusintha chilichonse. Kusiya kugula kuli ndi malo ake: pamene pali kumenya, kutsekera anthu, kapena mwini malo wakana kusintha mutalankhula naye. Pamenepo si nkhani ya malondanso, ndi ya apolisi.

Mafunso omwewo amayenda ndi katundu wina yense. Mchenga ndi dothi lakuda zimakwezedwa ndi anyamata a mafosholo olipidwa pa thiraki, ndipo ndi bwino kudziwa zaka zawo ndi amene amasunga ndalama zawo. Manyowa ambiri a mu Lusaka amachokera m'makola a nkhuku ndi a ng'ombe a m'mafamu ozungulira mzinda, kumene antchito amagona pafamu pomwepo, kutali ndi maso a anthu. Ife a kum'mawa tikudziwa chizolowezi cha m'maboma monga Katete ndi Petauke, chopereka mnyamata kukakhala m'busa wa ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo, malipiro ake n'kudzakhala ng'ombe imodzi pamapeto. Akachoka zaka zisanakwane amapita chimanjamanja, ndipo sukulu yam'dutsa. Kumeneko ndi kugwira malipiro kuja, kungoti kwavala chovala cha mwambo. Pa nazale za m'mbali mwa msewu, funsani amene amadzaza machubu ndi kutunga madzi. Pa mitengo ndi udzu wofolera wa ku Buseko, funsani kumene zinadulidwa.

Za kutali tingozidutsa mwachangu, chifukwa mphamvu ya kabizinesi kakang'ono kumeneko ndi yochepa. Mu 2020 dziko la America linaletsa magolovesi a kampani ya Top Glove ya ku Malaysia chifukwa cha zizindikiro za ntchito yokakamiza, makamaka ngongole zimene antchito ochokera ku Nepal ndi Bangladesh anatenga polipira owapezera ntchito. Chiletsocho chinachotsedwa mu 2021 kampaniyo itabweza ndalamazo kwa antchito. Miyala yoyala pansi yochokera ku Rajasthan m'dziko la India, imene inadzaza mabwalo a nyumba ku Britain, yakhala ikutchulidwa pa nkhani ya ana ndi anthu omangidwa ndi ngongole. Ndipo magetsi atavuta mu 2024 ambiri tinathamangira mapampu a sola. Gawo lalikulu la polysilicon, chopangira mapanelo, limachokera ku Xinjiang, kumene kuli madandaulo akuti anthu a mtundu wa Uyghur amagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa. Boma la China limakana zimenezi, koma America inaika lamulo lotsekereza katundu wa kumeneko kuyambira mu Juni 2022. Mayi wa makina awiri sangatumize munthu kukayendera fakitale ku Asia. Chimene angachite n'kufunsa sitolo kumene katundu wachokera, kusunga yankho, ndi kusalonjeza zimene sangathe kuziona.

N'chifukwa chake chikalata chokopera chija n'chachabe. Chimalonjeza dziko lonse, osatchula mwala umodzi. Tsamba limodzi lonena zoona limaposa: timagula izi ndi izi, kwa anthu a mtundu wakutiwakuti, chaka chino tinayendera ogulitsa miyala ndi manyowa, tinapeza zakuti, tinachita zakuti, za mapampu ndi magolovesi tinafunsa kusitolo. Amene amaidziwa ntchitoyi amakhulupirira kwambiri kampani imene yanena kuti inapeza vuto kusiyana ndi imene ikulumbira kuti zonse zili bwino.

Pali mbali imene makasitomala akuluakulu sakonda kuimva. Ofesi imene imafunsa za ukapolo nthawi zambiri ndi yomweyo imene imasankha kotesheni yotsikitsitsa, n'kulipira patatha miyezi iwiri kapena itatu. Mwini kabizinesi akadikira miyezi itatu, kodi ndalama za malipiro azitenga kuti? Amauza antchito kuti apirire. Amauza dalaivala kuti abwere sabata yamawa, dalaivala amauza mayi wa nyundo chimodzimodzi, ndipo mayiyo amapita kwa wa kaloba. Palibe anakonza zoti munthu amangidwe, koma kuchedwa kumatsika ndi kulemera kwake konse n'kukagwera wa pansi penipeni. Ndiye mwini bizinesi asachite manyazi kulemba mtengo wa antchito pa mzere wakewake mu kotesheni, malipiro, NAPSA ndi zodzitetezera, kuti wosankhayo aone chimene mnzake wotchipa uja wadumpha. Asachitenso manyazi kupempha kulipidwa m'masiku 30. Ena adzakana, ndipo kontrakiti zina zidzapita kwa wotchipa. Umenewo ndi mtengo weniweni wa lonjezoli, ndipo amene akukuuzani kuti silidula kanthu sanalipirepo anthu kutha kwa mwezi.

Chovuta kuposa zonse n'chimene antchito anu angachione kuseri kwa mipanda ya makasitomala. Odula kapinga amalowa m'mayadi mmene ena salowa, ndipo ndi iwo amene amakumana ndi mnyamata uja wa m'kanyumba ka makhasu, kapena mtsikana wosaloledwa kufika pageti. Mwana wotere sangalankhule ndi bwana wovala bwino, koma angathe kunong'oneza mnzake wolankhula Chichewa cha kwawo pamene akumwa madzi pampopi. Antchito adziwe kuti akabwera kudzati, "Amayi, pa nyumba ija pali mwana amene sindikumumvetsa," sadzadzudzulidwa chifukwa cholowerera za eni. Adziwenso zoyenera kupewa. Asakakangane ndi mwini nyumba, chifukwa mawa lake mwanayo akhoza kusamutsidwa kapena kulangidwa. Asam'jambule n'kuika pa Facebook. Asam'thawitse okha usiku, chifukwa mlandu ungawatembenukire. Ngati ndi mwana, nambala ya Childline ndi 116, yaulere. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, ndipo a Social Welfare ndi amene ali ndi udindo wopezera mwana malo otetezeka ndi kulumikizana ndi kwawo. Ngati ndi wamkulu, afunsidwe kaye chimene iye akufuna, chifukwa ena amafuna kubwerera kumudzi, ena amangofuna ndalama zawo ndi NRC kuti akafune ntchito kwina. Malipiro a miyezi yonse ija sanafe: ofesi ya zantchito ingathe kuitana bwanayo kuti awerengerane, ngakhale panalibe kontrakiti yolembedwa.